Solomoni Achenjeza Wachipewa

"Mukusiya nazale ya fodya osathirira chifukwa cha mzungu wa pansalu?" anafunsa Faines atagwira njinga ya mwamuna wake.

"Tasiyani njinga, amake Hana," anatero Solomoni. "Munthu uja anafa chifukwa ine ndinakhala kumbuyo, sanandimve."

Dzulo lake galimoto ya kanema inaonetsa filimu ya azungu a pa akavalo ku Chisepo. Solomoni anagomera wina wachipewa chotambalala, wowombera ndi manja onse awiri, woti ngakhale kulavula kumene ankalavula mwaulemu. Koma kumapeto chigawenga chinam'bisalira kuseri kwa thanthwe n'kumuwombera kumsana. Atamva kuti galimotoyo yalowera ku Dzoole, Solomoni analumbira kuti ulendo uno akam'chenjeza.

Anapalasa njinga, khadi la chipani lili m'thumba, nakakhala patsogolo penipeni, mphuno pafupi ndi nsalu. Kavalo atangoyandikira thanthwe lija, Solomoni anadzambatuka.

"Kumbuyo, achimwene! Ali kuseri kwa mwala!"

Nthawi yomweyo injini ya magetsi inatsokomola kawiri n'kuzima. Nsalu inangoti bii. Anthu anabalalika akutukwana, koma Solomoni anabwerera kwawo m'mawa mwake akuimba mluzu.

Faines sanam'patse moni. Anam'tsogolera kudimba n'kumulozera mbande zitagona pansi, zitapsa ndi dzuwa la Okutobala.

Solomoni anaziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anausa moyo.

"Fodya tidzafesanso, amake Hana. Chachikulu n'choti ku Dzoole munthu uja sanafe."