Bulangete la ku Ukwati

"Bulangete langa lovala ku ukwati lili kuti?" anafunsa a Malineo.

Amuna awo, a Lebusa, anatsegula boneti ya pikiapu mwamanyazi. Bulangete lija anali atalifunditsa injini.

"Chisanu cha kumapiri a Mokhotlong kuno chimalimbitsa dizilo ngati phala, mayi. Mumafuna tipite wapansi ku ukwati wa mwana wathu?"

"Ndiye mayi wa mkwatibwi azinunkha ngati galaja? Anthu akandiseka."

"Kwerani, muzikalipa tili m'njira."

A Lebusa anachotsa mwala kutayala, galimoto n'kuyamba kutsetsereka. Anaika giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi. Injini inatsokomola kamodzi n'kulira.

Kutchalitchi, a Malineo anakhala kumapeto kwa benchi, kuthawa mphuno za anthu. Koma mayi a mkwati anawaona, n'kubwera kudzawakumbatira. Nawonso ankanunkha dizilo, ndipo paphewa la bulangete lawo panali banga la oilo.

"Galimoto yathu yativutitsa, asewele," ananong'ona mayiwo. "Yanu yalira msanga?"

A Malineo anakonza bulangete lawo monyadira.

"Kamodzi n'kamodzi. Langali ndi laubweya weniweni."