Zithunzi za Malemu Lorenso

Immaculate anazula fulashi pa kompyuta yakale ya patebulo n'kuibaya pa laputopu ngati akubaya mdani. Anali akuchita zimenezi chiyambire m'mawa. Fulashiyo inali yaing'ono, ndiye inkangopita ndi kubwera.

Kumbuyo kwake, pa mpando wokhalapo anthu ojambulitsa, panali bambo ake aakulu, a Sebastiano, chipewa chili pabondo, thukuta likutsikira m'khosi. Dzuwa la pa Bangula linali litawotcha malata a situdiyo mpaka mkatimo mumanunkha fumbi lopsa.

Maliro a bambo ake omubereka a Immaculate, a Lorenso, anali asanazizire n'komwe. Ndiwo ankajambula maukwati kuyambira ku Sorgin mpaka ku Tengani. Pogawa katundu, akuchimuna sanataye nthawi. Anati mayi a Immaculate, a Josephine, anachita kuwalowola ndi ng'ombe, choncho za m'situdiyo ndi za kuchimuna. Kamera ndi laputopu atenge a Sebastiano, akapatse mwana wawo Fanizo kuti atsegule situdiyo yake kuseri kwa msika. Chikompyuta chakale, cholira ngati chigayo, chitsale ndi namfedwa.

Koma a Sebastiano sanali munthu wogona. Ankadziwa kuti chuma chenicheni si makinawo. Madzi atasefukira ku Makhanga ndi ku Nyachikadza, anthu anapulumutsa ana ndi mbuzi, zithunzi za ukwati zinapita ndi Shire. Zotsala zinali m'makompyuta awiriwa basi, zakale mu ya patebulo, zatsopano mu laputopu. Sipankatha mlungu osabwera munthu kudzatsukitsanso chake, ndipo banjali linkadyera pomwepo.

Ndiye analamula kuti zonse zilowe mu laputopu. Fanizo anali atawaphunzitsa pafoni kuti asalole kukopera, koma kusamutsiratu, kuti m'chikompyutamo musatsale ngakhale nkhope imodzi.

Immaculate anayamba wakana. Anawayang'ana m'maso, chinthu chimene mwana sachita kwa bambo ake aakulu.

"Kumanda kuja munkalirira chiyani, bambo aakulu? Mng'ono wanu, kapena laputopu?"

A Sebastiano anaseka mouma. Anati Fomu 4 siisandutsa mtsikana kukhala mwamuna. Mawa akwatiwa, nanga thukuta la Lorenso lipite kukadyetsa mtundu wina? A Josephine, ataima pakhomo ndi mpango wakuda kumutu, anamuchonderera kuti achite zimene bambo akewo akunena, asaonjezere mlandu pa maliro.

Immaculate anakhala pansi, koma mpandowo anaukoka mwaphokoso kuti aliyense amve.

Maukwati onsewo ankawadziwa pamtima. Mkwatibwi wa kwa Mbenje uja amene anafika pa bwato, velo likuuluka pamwamba pa madzi. Mkwati wa ku Fatima amene anagwetsa mphete m'mchenga, mpingo wonse n'kugwada kuifunafuna. Ankawaonera yekha madzulo akaweruka kusukulu, n'kumalota tsiku lake: adzavala chotani, mnyamatayo adzakhala wamtali bwanji, bambo ake adzaima pati ndi kamera. Bambowo sankaoneka m'mavidiyomo. Ankangomveka kuseri kwa kamera, akuseka, akuuza akwati kuti amwetulire chifukwa pano si pa maliro. Padziko lonse, mawu awo anatsala mmenemo mokha.

Kamzere kobiriwira kankakwawa pa sikirini ngati kakuchita dala. A Sebastiano maso awo anali pa dzanja la mtsikanayo, kuti asalowetse fulashi m'thumba. Ikazulidwa uku, iwo mutu cheu. Ikabayidwa uko, mutu cheu. Immaculate anawauza kuti ngati atopa apite akamwe thobwa pamsika. Iwo anati ng'ombe zolowolera mayi ake anaziyendetsa wapansi kuchokera ku Marka, sangatope ndi mpando.

Dzuwa litapendeka, anazula fulashi komaliza n'kuiponya patebulo.

"Zatha. Idyani."

A Sebastiano anati aone kaye. Immaculate anawatembenuzira laputopu. Mafoda achikasu anali ndandanda, sikirini yonse tho. A Sebastiano anavala magalasi n'kuwerenga ndi chala: ukwati wa Howard ndi Esinala, ukwati wa Golden ndi Hannah, ubatizo wa ku Tengani. Anagwedeza mutu mokhutira, kenako analoza chikompyuta chija n'kufunsa ngati mwatsaladi mopanda kanthu.

Immaculate anaimirira n'kuzula chingwe chake pakhoma. Phokoso la chigayo linaleka, sikirini bii.

"Chafa ngati mwini wake. Mukufuna muchiikenso m'manda?"

A Sebastiano anakulunga laputopu m'chitenje, anakoleka kamera m'khosi, anaika fulashi ija m'thumba la malaya.

"Takhuta, alamu," anathokoza a Josephine m'Chisena potuluka, n'kuitana wakabaza.

Njinga itazimiririka m'fumbi, a Josephine anakhala pansi pomwepo, msana utatsamira chitseko. Sanafunse zoti adya chiyani. Anangonena motsitsa kuti ndiye kuti mwamuna wawo wafa kachiwiri.

Immaculate sanawatonthoze. Anatseka zenera, anabwezera chingwe pakhoma, n'kudikira chikompyuta chidzuke, phazi likugunda pansi chifukwa chochedwa.

"Amayi, bwerani kuno. Fanizo akabwera kudzalalata, mumuuze kuti andipeza pampando uno."

Pa sikirini panatulukira ukwati womaliza umene a Lorenso anajambula, umene m'mawa uja unali mu laputopu mokha. Tsiku lonse fulashi inkapita yopanda kanthu ku laputopu, n'kubwerako yodzaza. A Sebastiano ananyamula mafoda a maina okhaokha, mkati mwake muli mbee.