Matepi a Bambo Efren

Nkhumba yootcha inali itayamba kuzizira pathebulo, koma palibe amene anaikhudza. Bambo Efren Macaraig anali asanamalize kuijambula.

"Dikirani kaye," anatero, atatsinzina diso limodzi.

Anadina kabatani, mphuno ya nkhumbayo n'kudzaza kagalasi konse ka kamera. Anadinanso, nkhumba n'kuthawira kutali. Alendo amene anabwera ku ubatizo wa mdzukulu wa mayi Pacita anangomeza malovu, mbale za mpunga zili m'manja.

Kamera ya vidiyoyo anaigula ku Manila zaka ziwiri zapitazo. Inali yokwana m'dzanja limodzi, ndipo inkajambula pa katepi kakang'ono ngati bokosi la machesi. A Efren ankaitama kwa aliyense. Ankati zithunzi zake n'zoyera moti ukhoza kuwerenga mano a munthu woseka ali kutsidya kwa msewu. Zofooka zake sankazitchula. Batire inkatha wansembe asanafike pakati pa ulaliki. M'nyumba mukachita kamdima, nkhope zonse zinkaoneka ngati za mizukwa. Ndipo akakoka chinthu chakutali, dzanja likangonjenjemera pang'ono, tchalitchi chonse chinkavina.

Komabe chigulireni kamerayo, panalibe ukwati, ubatizo kapena maliro m'dera lawolo amene anachitika popanda a Efren. Sankalipiritsa. Mwambo ukatha ankamanga katepiko ndi riboni n'kukapereka kwa eni ake ndi manja awiri. Anthu a m'deralo anali oti ana awo ali ku Dubai ndi ku Hong Kong, ndipo pabalaza paliponse panali makina a mafilimu osanjikizana pansi pa wailesi yakanema. Anali anthu odziwa kanema wabwino. Akakumana nawo pamsika, onse ankanena mawu amodzimodzi: a Efren anabadwa ndi luso.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatsutsa, mkazi wawo Luzviminda. Iye ankaonera kunyumba, mwamuna wake akalumikiza kamera ku wailesi yakanema asanakapereke tepi. Sankachedwa kudzuka, akuti akumva chizungulire ngati wakwera boti lopita ku chilumba cha Mindoro.

Tsiku la ubatizoli Luzviminda anakhala pakona, osadya. Lachisanu a Efren anali atasiya ntchito ku ofesi ya zamadzi, kutangotsala zaka zochepa kuti apume ndi penshoni. Anali atachita kale lendi kachipinda pafupi ndi msika, ndipo wolemba zikwangwani anali atayamba kupenta dzina lawo.

"Bambo a Maricel," ananong'ona mkaziyo atawakoka malaya, "bwana wanu uja anati mukhoza kubwerera Lolemba. Kapepeseni. Tidzadya matepi kodi?"

"Iwe vuto lako ndi nsanje. Dikira umve wekha."

Anatembenukira kwa bambo Rogelio ometa tsitsi, amene anali kulimbana ndi khutu la nkhumba.

"Achimwene, tamuuzani mlamu wanuyu. Kanema wa ukwati wa mwana wanu uja munamuona bwanji?"

"Aaa, musandikumbutse," anayankha a Rogelio, mafuta ali chuchuchu pachibwano. "Ndinalira ine, mwamuna wamkulu ndi ndevu zanga."

"Nanga wa maliro a malemu amuna anga uja?" analowererapo mayi Pacita. "Kuchita kuoneka ngati adzuka m'bokosimo n'kupempha khofi!"

Anthu anaseka. A Efren anayang'ana mkazi wawo ngati loya amene wapambana mlandu. Kenaka analanda chimkuzamawu cha oimba n'kulengeza kuti kuyambira mwezi wamawa akutsegula kampani yojambula makanema. Iwo, anatero, sanalengedwe kuti azikalambira pa mabilu a madzi. Anathokoza anthu onse chifukwa chowatsegula maso. Manja anaombedwa mpaka khanda lobatizidwalo linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Luzviminda anatenga kachikwama kake n'kutuluka pageti osatsanzika.

A Efren anafuna kujambula anthu akuomba m'manjawo, koma kamera inalira katatu n'kuzima. Batire. Analowa m'nyumba kukasaka poitchaja, ndipo mayi Pacita anawatsatira, akupukuta manja pathewera la mdzukulu.

"Mwachita bwino kwambiri, bambo," anatero mayiwo. "Mkazi wanu musamudandaule, adzazolowera. Ife tonse tasangalala."

"N'chifukwa cha inu, mayi. Mukanapanda kundilimbikitsa, bwenzi ndikadali kuofesi kuja."

"Zikomo." Mayi Pacita anasuzumira pakhomo kuti aone ngati pali amene akumva, kenaka anatsitsa mawu. "Tsono popeza mwakhala kampani, kumalo kwanu kuja mudzaikako makina oonetsera timatepi timeneti eti? Msewu wonse takhala tikufunsana. Timatepiti sitilowa m'makina a munthu aliyense. A Rogelio anakakamiza katepi kawo ndi supuni mpaka anaononga makina atsopanotsopano."

A Efren anaima chilili, chingwe cha batire chili lende m'manja.

"Nanga zija mumati malemu ngati adzuka?"

"Aaa, bambo inu," anatero mayi Pacita mokoma mtima. "Munthu wakhetsa thukuta tsiku lonse, wakubweretsera mphatso yomanga ndi riboni. Ungamuuze kuti sunaonere?"