Mayina pa Timabotolo

Wofufuza za matenda a korona atangotembenuka kuti asambe m'manja, telala wina anamatula timapepala ta mayina pa timabotolo tiwiri toyezetsa n'kutisinthanitsa. Kena kanali kake, kena ka apongozi ake, omwe anabwera kudzacheza sabata imodzi koma anali atatha miyezi itatu.

Telalayo ankatsokomola, ndipo ankadziwa kuti wopezeka ndi kachilombo amatsekeredwa payekha masabata awiri. "Amayi akapume," anatero mumtima, "nyumba ipumenso."

Patatha masiku awiri, wofufuzayo anaimba foni.

"Amayi aja alibe kachilombo. Koma inu bambo muli nako."

"Dzina mwaliona bwino?"

"Ndi lanu, lomata bwinobwino pa botolo."

Kuulula kunavuta, chifukwa mkazi wake anali pomwepo, kiyi wa chipinda chosungira katundu ali kale m'manja.

Atam'tsekera, telala anamva kugogoda.

"Ndakubweretserani tiyi, bambo," anatero apongozi. "Musadandaule, sindichoka mpaka muchire." Kenako anayetsemula katatu.

"Ikani pansi, amayi," anayankha telala, akukankhira sutikesi kuchitseko. "Mutalikire ndithu, ndingakupatsireni."