Juzi ya Womira

"Nkhope yadyedwa ndi nkhanu, Mayi Keziah. Onani juziyo, mutiuze ngati ali amuna anu," anatero Jabez, msodzi amene anavuula mtembowo.

M'mudzi wa asodziwu, kugombe la ku Mangalande, mkazi aliyense ankalukira mwamuna wake juzi ya kalukidwe kakekake, kuti akadzamira adzadziwike.

Keziah anagwada pamchenga. Chipsera cha mbedza pachala chinali cha Enoch, mwamuna wake, amene bwato lake linagubuduka sabata yatha. Koma juziyo sanaluke ndi iye, ndipo wolukayo ankamudziwa bwino.

Anadzuka n'kusasa mchenga m'maondo.

"Ine ndimaluka mizere. Iyi ndi ya timitanda. Si wanga uyu."

"Nanga ndi wa ndani, mayi?"

Keziah anatembenukira kugulu la amayi, kumene Tabitha, mkazi wa Jabez, anali atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Funsani akazi anu, bambo. Amene anamuveka ndiye amusambitse. Ine ndasiya buledi pamoto."

Jabez anawerama n'kuyang'anitsitsa timitandato. Kenako anayang'ana pachifuwa pa juzi imene iye mwini anavala. Tinali tomweto.