Njira ya Getu

Mtsinje unayamba kukokoma ndili pansi pa mbawa, ndikudikira bwenzi langa Dominiki, nditavala mpango watsopano. Kwathu sikunagwe ngakhale dontho, koma kuphiri la Michesi kunali bii.

Ndinathamangira kunyumba. Amayi anali akutonthoza mlongo wanga Kelebu, yemwe amakuwa wina akangosuntha kapu yake. Getu, amene anabadwa naye mapasa, sakuwa. Anthu amati ndi manyazi a mtsikana, ndiye palibe amamudera nkhawa. Komatu iye popita kumunda amawolokera pamiyala, ndipo chiyambire sanasinthepo njira.

"Amayi, Getu ali kuti?"

"Kumunda. Ndamuuza adzere pamlatho lero."

"Iye n'kuti chiyani?"

"Wamwetulira. Iwe usandisokose, sukuona mlongo wakoyu?"

Getu amamwetulira chilichonse chimene wauzidwa.

Ndinavula nsapato n'kulunjika kumiyala kuja.