Yoga ya pa Nkhomaliro

"Auzeni, aphunzitsi," anatero abwana ataima pakhomo. "Auzeni mmene yoga inakudzutsirani. Anthu angawa angoti kutopa, kutopa, ngati amaswa miyala."

Antchito anali atagona chagada pa timphasa pakati pa madesiki, akuchita yoga, masewera owongola thupi ndi kukhazika mtima pansi. Inali nthawi ya nkhomaliro, poti abwana analibe nthawi ina yotaya. Mphunzitsiyo kale ankagwira ntchito mu ofesi yomweyi, mpaka tsiku limene analephera kudzuka pabedi, mtima utalemera, thupi litakaniratu. Tsopano kalasi imeneyi ndiyo inkamudyetsa.

Mphunzitsiyo anayang'ana mlembi amene anatenga desiki yake. Maso a mayiyo anali atalowa m'kati ngati ake a masiku aja.

"Inandithandizadi, bwana," anayankha. "Ndinayambanso kugona, kudya, ngakhale kuseka kumene. Kungoti ndinaiyamba sabata imene ndinasiya ntchito kuno, ndiye mpaka lero sindidziwa kuti mankhwala enieni anali ati."

Wina anatsokomola. Mlembi uja anatsegula diso limodzi.

M'mawa mwake abwana anathetsa yoga. Akuti inkatopetsa antchito.